Mafunso ndi mayankho: za ma sorority a ku America, makamaka azimayi a pinki ndi gilini a Alpha Kappa Alpha

Chiyambireni kuika zithunzi za mwana wa achemwali anga atavala jekete ya pinki ndi gilini, manja ali m'mwamba kachala kakang'ono katatukuka, foni yanga sinapume. Azakhali, anzanga a ku sekondale, ngakhale abusa athu akale, onse mafunso ake ndi omwewo. Ndiye ndati ndingowayankha pamodzi. Ineyo si membala, ndinabwera kuno ndili wamkulu kale ndipo ntchito yanga ndi ya unamwino, koma ndimagwira ntchito ndi azimayi ambiri a magulu amenewa komanso pano tili ndi wathu m'banja.

Kodi sorority ndi chani kwenikweni?

Ndi bungwe la atsikana ndi azimayi lomwe munthu amalowa nthawi zambiri ali ku koleji. Mawuwa anachokera ku Chilatini, soror ndiye kuti mchemwali, ndipo mamembala amaitanana choncho kumene, soror uje, soror uje. La amuna amati fraternity. Bungwe limakhala limodzi dziko lonse koma lili ndi nthambi m'masukulu ambiri, nthambiyo amati chapter. Ukalowa walowa, si kalabu ya dibeti yoti temu ino ulimo temu ya mawa wasiya ayi, ndi za moyo wonse ndipo sungakhale m'magulu awiri.

Nanga zilembo zachilendozi, Alpha, Kappa, Delta, ndi zachani?

Ndi alifabeti ya Chigiriki basi. Mwambowu unayamba mu 1776 pomwe anyamata a pa koleji ya William and Mary ku Virginia anayambitsa gulu lotchedwa Phi Beta Kappa. Nthawi imeneyo munthu wophunzira amayenera kudziwa Chigiriki ndi Chilatini, ndiye amatenga zilembo zoyambirira za mawu a chiphunzitso chawo n'kupanga dzina. Magulu obwera pambuyo anangotengera. N'chifukwa chake kuno mukamva wina akuti "ndine Greek" musaganize kuti kwawo ndi ku Athens, akungonena kuti ali mu gulu la zilembozi.

Za atsikanazi zinayamba liti?

Gulu loyamba la chinsinsi la atsikana a pa koleji linayamba mu 1851 pa Wesleyan Female College ku Macon, Georgia, dzina lake Adelphean Society, lomwe pano ndi Alpha Delta Pi. Loyamba kutenga dzina la zilembo za Chigiriki linali Kappa Alpha Theta mu 1870 ku Indiana, pa sukulu yomwe lero ndi DePauw University. Atsikana anali atangoyamba kuloledwa kuphunzira limodzi ndi anyamata ndipo sanalandiridwe bwino, ndiye anati tigwirane manja tokhatokha. Poyamba nawonso amadzitcha fraternity chifukwa mawu ena kunalibe, mpaka mphunzitsi wa Chilatini pa Syracuse University, Frank Smalley, anatchula gulu la Gamma Phi Beta kuti sorority mu 1882, dzinalo n'kukhazikika.

Magulu amenewa anapanga mgwirizano wawo mu 1902, National Panhellenic Conference, ndipo lero alimo 26. Awa ndi aja mumawaona pa TikTok mwezi wa Ogasiti, atsikana a ku Alabama akuonetsa madiresi ndi nsapato pa sabata yosankhana, nyumba zawo zikuluzikulu ngati mahotela. Koma si amene ndikufuna kukamba kwambiri pano.

Bwanji akuda anayambitsa magulu awoawo?

Chifukwa kwinako samaloledwa, yankho lake ndi lomwelo. Ena anachita kulemba m'malamulo awo, ena samalemba koma aliyense amadziwa. Ndipo musaganize kuti ndi zakalekale, mu 2013 nyuzipepala ya ophunzira pa University of Alabama inaulula kuti ma sorority a pamenepo amakanabe atsikana akuda, nkhani inamveka dziko lonse.

Ndiye tipite ku Howard University ku Washington, sukulu ya akuda yomwe inakhazikitsidwa mu 1867 nkhondo yothetsa ukapolo itangotha kumene. Mtsikana wina wochokera ku St. Louis, Ethel Hedgeman, ndi amene anabwera ndi ganizoli, anasonkhanitsa anzake asanu ndi atatu, onse pamodzi 9, ndipo pa 15 Januwale 1908 mu nyumba yogona atsikana ya Miner Hall anakhazikitsa Alpha Kappa Alpha, mwachidule AKA, sorority yoyamba ya atsikana akuda. Posakhalitsa anaonjezera ena 7 a chaka chachiwiri kuti gulu lisafe oyambawo akamaliza sukulu. Ganizani nthawi yake. Ambiri mwa atsikanawa agogo awo kapena makolo awo enieni anabadwira mu ukapolo, azimayi ambiri analibe ufulu wovota pa chisankho cha dziko lonse mpaka 1920, ndipo mtsikana wakuda wofika pa yunivesite anali wochita kuwerengeka ndi zala. Akamaliza sukulu ambiri ntchito yake inali ya uphunzitsi, amakatumizidwa kutali kwayekha m'tauni yomwe sangalowe mu lesitilanti kapena laibulale ya azungu. Munthu wotere amafunika anzake oti akamulandire, amupezere pogona, amuuze komwe kuli ntchito. Ine ndimaona kuti mtima wa nkhani yonse uli pamenepa, zovinavina ndi majekete zinabwera pambuyo.

Pulezidenti woyamba anali Lucy Diggs Slowe, mayi woopsa, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa tenisi wa American Tennis Association mu 1917, kenako mu 1922 anakhala mkulu woyamba woyang'anira ophunzira aakazi pa Howard pomwepo. Ethel anadzakwatiwa ndi George Lyle, n'chifukwa chake m'mabuku mumapeza Ethel Hedgeman Lyle.

Ndamva kuti a AKA ndi a Delta sagwirizana, zinatani?

Apa pali nkhani. Chakumapeto kwa 1912 atsikana omwe anali pa sukulu nthawi imeneyo anafuna kusintha dzina, mitundu ndi zina za gululo, amati likhale lolowerera kwambiri pa nkhani za ufulu. Nellie Quander, yemwe anali atamaliza kale sukulu komanso anakhalapo pulezidenti, atamva anakana kwamtuwagalu, anati lumbiro lomwe tinalumbira silisinthidwa ngati malaya. Atsikana 22 anachoka ndipo pa 13 Januwale 1913 anayambitsa Delta Sigma Theta, mitundu yawo yofiira ndi kirimu. Quander naye sanagone, pa 29 Januwale chaka chomwecho anakalembetsa Alpha Kappa Alpha ku boma kuti wina asadzayeserenso kulisintha. Pasanathe miyezi iwiri, pa 3 Malichi 1913, a Delta aja anakaguba nawo pa chionetsero chachikulu cha azimayi ofuna ufulu wovota mu Washington, tsiku limodzi Woodrow Wilson asanalumbiritsidwe kukhala pulezidenti wa America.

Ndiye mukafunsa wa AKA akuuzani kuti ife ndife oyamba, tinasunga lumbiro. Mukafunsa wa Delta akuuzani kuti ife tinatuluka m'chipinda n'kupita pa msewu. Onse akunena zoona zake. Masiku ano ndi chipongwe cha pachibale chabe, ku ntchito kwathu kuli anamwino awiri, wina AKA wina Delta, amanyozana tsiku lililonse pa nthawi ya tiyi koma mwamuna wa mmodzi atamwalira winayo ndi amene anagona kumeneko sabata yonse.

Divine Nine ndi chani?

Ndi magulu 9 akuluakulu a akuda, anayi a akazi, asanu a amuna. A akazi ndi AKA, Delta, kenako Zeta Phi Beta ya 1920 pa Howard pomwepo, mitundu yake buluu ndi yoyera, ndi Sigma Gamma Rho ya 1922 yomwe inayambitsidwa ndi aphunzitsi 7 pa Butler University ku Indianapolis, buluu ndi golide. A amuna ndi Alpha Phi Alpha ya 1906 pa Cornell, gulu lomwe Martin Luther King Jr. anali membala wake, Kappa Alpha Psi, Omega Psi Phi, Phi Beta Sigma ndi Iota Phi Theta yomwe inabwera mochedwa mu 1963. Mgwirizano wawo ndi National Pan-Hellenic Council, unayamba mu 1930. Musausokoneze ndi wa 1902 uja, maina akufanana koma ndi zinthu ziwiri.

Tanthauzo la pinki ndi gilini, tsamba lija ndi mikanda yoyera ndi chani?

Mitundu ya AKA amaitchula mwaulemu kuti salmon pink ndi apple green, ndipo akati pinki si pinki wina aliyense, ndinagulapo sikafu ya mphatso mwana n'kundiuza kuti amayi zikomo koma iyi yapsa kwambiri. Tsambalo ndi la ivy, chomera choyanga chomwe chimakwera makoma a nyumba zakale za pa yunivesite, chimakhala chobiriwira chaka chonse ndipo chikagwira khoma sichisiya. Magazini yawo yomwe inayamba mu 1921 dzina lake Ivy Leaf. Baji ya membala ndi tsamba lomwelo lozunguliridwa ndi timikanda ta ngale 20, ndipo amayi oyambitsa ndi olembetsa gulu aja amawatchula kuti Twenty Pearls. N'chifukwa chake pa zochitika zawo aliyense amavala mkanda wa ngale m'khosi, Kamala Harris, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, mumamuona nawo nthawi zonse uja si fashoni chabe. Mwambi wawo ndi "By Culture and By Merit", kunena kuti munthu azidziwika ndi khalidwe komanso ntchito zake.

Palinso kukuwa kwawo, "skee-wee", mawu okwera kwambiri ngati nthungululu yopyapyala, mmodzi akayamba mu holo onse amayankha. Ndi kachala kakang'ono kotukula kaja, komanso kuika dzanja kutsogolo kwa nkhope ngati ukudziyang'ana pa galasi. Zimenezi wosakhala membala sachita, onani funso lomaliza.

Tinene zoona, si za satanic zimenezi? Zachinsinsizo n'zachani?

Ili ndiye funso lomwe azakhali anga anandiimbira usiku pakati. Chinsinsi chilipo, inde. Mwambo wolowera, tanthauzo lenileni la zilembo, moni wa pamanja ndi zokambirana za pa msonkhano sauza munthu wakunja, ngakhale mwamuna wako. Koma gulu lenilenilo silobisika, likulu lake lili ku Chicago, atsogoleri amadziwika maina ndi nkhope, amasankhidwa pa msonkhano waukulu wotchedwa Boule womwe umachitika zaka ziwiri zilizonse, ntchito zawo amazilengeza okha. Maudindo ali ndi maina a Chigiriki omwe amaopsa ukangowamva, wapampando ndi Basileus, mlembi ndi Grammateus, msungichuma ndi Tamiouchos, koma ntchito yake ndi yomwe ija ya komiti ina iliyonse, kuwerenga maminitsi ndi kukumbutsana za ndalama.

Ambiri mwa mamembala omwe ndimawadziwa ndi anthu a tchalitchi, ena madikoni, ena abusa kumene. Komabe ndisakunamizeni, alipo akhristu ena kuno omwe anatuluka m'magulu amenewa n'kumanena poyera kuti lumbiro lotere siligwirizana ndi chikhulupiriro chawo, mukafufuza pa YouTube muwapeza. Imeneyo ndi nkhani ya chikumbumtima cha munthu. Ine zomwe ndinawauza azakhali ndi zoti ife tomwe tinakulira kwa anamkungwi, mawu a kutsimba sanenedwa pabwalo, ndipo palibe anati n'za satana chifukwa choti n'zobisa. Anangoti hmm, n'kufunsa ngati mwanayo akupitabe ku tchalitchi. Akupita.

Munthu amalowa bwanji?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba uli pa sukulu, uyenera kukhala wophunzira wa nthawi zonse pa koleji yomwe ili ndi chapter, wamalizako kale gawo la maphunziro, magiredi ako ndi abwino, komanso uli ndi umboni woti umagwira ntchito zothandiza anthu. Amaitanitsa msonkhano wa ofuna kulowa womwe amati rush, umapereka mapepala ndi makalata okuchitira umboni, mamembala amavota. Yachiwiri ndi ya omwe ali kale ndi digiri, kumeneko sufunsira, amachita kukuitana okha akakuona kwa nthawi yaitali.

Chomwe chimadabwitsa ndi choti ofuna kulowa sanena. Mwana wathu anakhala chaka ndi theka akupita ku zochitika zawo, kukathandiza kugawa chakudya, kuloweza mbiri yonse ndakamba pamwambayi mpaka maina a amayi 20 aja, osauza munthu, ngakhale mayi ake anangomva zitatsala pang'ono chifukwa pamafunika ndalama. Akuti ukamalengeza kuti ine ndidzakhala AKA amakuona ngati wopanda mwambo. Mwana kapena mdzukulu wa membala amatchedwa legacy ndipo njira yake imakhala yofewerapo, mabanja ena agogo, mayi ndi mwana onse ndi a gulu limodzi.

Chionetsero chija mwana anavala magalasi akuda chinali chani?

Amati probate, kapena mwaulemu new member presentation, tsiku lomwe olowa kumene amaonetsedwa kwa anthu. Ndinapitako ndipo ndinalira, sindibisa. Kunali kozizira, anthu tadzaza pabwalo la pakati pa sukulu kudikira pafupifupi maola awiri, kenako tinangomva nyimbo chapatali, akubwera pa mzere umodzi atagwirana, aliyense chibwano chili pa phewa la mnzake wakutsogolo, onse diresi imodzi nsapato imodzi, nkhope zobisa ndi magalasi ndi nsalu. Amaima motsatira msinkhu, wamfupi kwambiri kutsogolo ndiye nambala 1, amamutcha ace, wakumapeto ndi tail. Onse olowa limodzi ndi line imodzi, ndipo amakhala ma line sister mpaka imfa, pa ukwati wako ndi amenewo, pa chipatala ndi amenewo.

Anayamba kulakatula mbiri ya gulu onse pamodzi ngati munthu mmodzi, mofulumira, osaphonya ndi liwu limodzi, kupereka moni kwa akuluakulu awo ndi kwa magulu ena, kenako mmodzimmodzi kuvula magalasi, kutchula dzina lake, kwawo, zomwe akuphunzira ndi dzina latsopano lomwe anzake amupatsa. Wathu atavula n'kunena kuti makolo ake ndi ochokera ku Malawi, achemwali anga anaiwala kuti ali ku America, anaimba nthungululu yeniyeni ya kumudzi, amayi achikulire a pinki omwe anali pafupi anatembenuka n'kuyamba kuwakumbatira osawadziwa n'komwe. Nambala ndi dzinalo ndi zomwe zimasokedwa pa jekete mwaiona ija.

Kuvina kopondaponda kuja kunachokera kuti?

Pali ziwiri. Stepping ndi kuja amamenya pansi ndi mapazi, kuomba m'manja, kudzimenya pa ntchafu ndi pachifuwa, thupi lomwe ndiye ng'oma. Strolling ndi kuja amayenda pa mzere akuvina nyimbo ikulira, ndipo lamulo lake ndi loti mzerewo sudulidwa, ukaona akubwera patuka. Zinakulira m'masukulu a akuda kuno ku America, muli kuguba kwa asilikali, muli masewera a ana oomba m'manja, muli magule akale a akapolo omwe analandidwa ng'oma n'kumagwiritsa thupi. Koma amene anaonapo gule wa majombo wa ku migodi ya ku Joni, uja agogo athu a Wenela amamudziwa, akaona stepping amadzidzimuka chifukwa zimafanana kwambiri. Enanso anaona zomwezo, gulu lovina la Step Afrika! linayamba mu 1994 pomwe ovina a ku America anakakumana ndi a Soweto Dance Theatre ku Johannesburg.

Kupatula kuvina ndi kuvala, amachita chani chenicheni?

Apa ndiye pomwe ine monga namwino ndimavulira chipewa. Mu 1934 mtsogoleri wawo Ida Louise Jackson, wobadwira ku Mississippi, anakonza sukulu ya nthawi ya holide yophunzitsa aphunzitsi akumidzi ku Lexington m'chigawo chomwecho. Atafika anaona kuti vuto loyamba si mabuku, ana akudwala, njala, palibe yemwe anaonapo dokotala. Chaka chotsatira, 1935, anayambitsa Mississippi Health Project motsogozedwa ndi Dr. Dorothy Boulding Ferebee. Azimayiwa anayenda pa galimoto zawo kuchokera ku Washington, ulendo wautali kudutsa madera omwe munthu wakuda samaloledwa kugona mu hotela kapena kulowa chimbudzi cha pa filing'i siteshoni.

Atafika ku Holmes County anakonza malo oti anthu azibwera, koma anthu sanabwere. Chifukwa chake, ambiri anali ngati matenanti m'minda ya thonje, ndipo eni minda achizungu anawaletsa kuchoka pa munda, amaopa kuti azimayi ophunzirawa awatsegula m'maso. Ndiye Dr. Ferebee ndi anzake anati chabwino, ngati anthu sangabwere ku chipatala, chipatala chipita kwa anthu. Anapakira mankhwala ndi majakisoni m'galimoto zija n'kumayenda munda ndi munda, kuimika pa tchalitchi, pa sukulu, pansi pa mtengo, kubaya ana katemera wa nthomba ndi diphtheria, kuyeza akuluakulu malungo ndi chindoko, kuphunzitsa za kadyedwe. Anabwerera chaka ndi chaka, kenako ku Bolivar County, mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaimitsa ntchitoyi cha mu 1942. Ana masauzande ambiri analandira katemera. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya sikelo ya kumudzi, kunyamula bokosi la katemera pa njinga, akudziwa kuti zimenezi si zamasewera, ndiye onjezani kuti mwini munda akukuyang'ana ndi diso loipa.

Mu 1938 Norma Boyd, mmodzi mwa 7 aja, anayambitsa ofesi yokakamiza aphungu a ku Congress pa nkhani za ufulu wa akuda, ntchito ndi maphunziro. Mu 1965 gululi linatenga kontirakiti ya boma yoyendetsa malo ophunzitsa atsikana ntchito zamanja, Cleveland Job Corps Center. Mu 1980 anakhazikitsa thumba la maphunziro, Educational Advancement Foundation, lomwe limapereka ma scholarship. Masiku ano chapter ya kwathu kuno ndimaiona ikulembetsa anthu ovota, kuyeza khansa ya m'mawere, kugawira ana a sukulu zikwama ndi chakudya cha kumapeto kwa sabata.

Nanga zomenyana ndi kuzunzana polowa timamvazi?

Zimenezo amati hazing ndipo ndi chilonda chenicheni. Kale munthu asanalowe amadutsa nyengo yotchedwa pledging, masabata kapena miyezi yotumidwatumidwa, kusagona, kunyozedwa, kwina mpaka kukwapulidwa. Mu 1990 magulu a Divine Nine anagwirizana kuthetsa pledging, chaka chimodzi mnyamata wina atamwalira pa Morehouse College ku Atlanta. M'malo mwake anaika ndondomeko yaifupi yoyang'aniridwa ndi akuluakulu. Koma zina zinangolowa pansi, kumachitika mobisa. Mu 2002 atsikana awiri anamira m'nyanja usiku pa gombe la Dockweiler ku Los Angeles, mabanja awo anasumira AKA kuti imfayo inachitika pa mwambo wolowera, bungwelo linati linalibe chapter yovomerezeka pa sukulu yawo. Chapter ikagwidwa imaimitsidwa, mamembala amachotsedwa, m'zigawo zambiri ndi mlandu wa kupolisi, ndipo mu Disembala 2024 Joe Biden anasainira lamulo lokakamiza makoleji kulengeza milandu ya hazing.

Chomwe chimandinyansa ine ndi kaganizidwe koti amene sanavutike polowa si membala weniweni, amamunyoza kuti ndi wa "paper", kunena kuti anangosaina pepala. Ndi nzeru yomwe ija ya teasing ya ku sekondale za boarding, ine anandizunza ndiye nawenso ulawe. Kholo, mwana wanu akayamba kuonda, kugona m'kalasi, kubisa mabala, magiredi kutsika, musadikire, funsani ndipo kaneneni ku sukulu.

Akuti a AKA ndi odzimva, amasankha oyera khungu ndi a tsitsi lalitali. Zoona?

Mbiri imeneyo ilipo ndipo sinangochokera m'mwamba. M'zaka zakale pakati pa akuda ophunzira ndi opeza bwino a m'mizinda ngati Washington munali tsankho la khungu, oyererapo amakhala patsogolo m'makalabu, m'matchalitchi ena ndi m'magulu ngati awa, ndipo AKA ndi yomwe dzinalo linaimatirira kwambiri. Kadzanja ka galasi kaja nakonso sikathandiza. Koma pitani pa msonkhano wawo lero muone, muli akuda bii ngati ine, oyera, onenepa, ometa mpala. Mwana wathu ndi wakuda ngati bambo ake. Kudzimva kokha ndiye ena ali nako ndithu, sindingawaikire kumbuyo.

Zimadya ndalama zingati?

Zambiri. Ndalama yolowera imasiyana malo ndi malo koma ife tinachita kusonkherana anthu atatu, ndipo itakwana ndinaganiza kuti imeneyi ikanandifikitsa pa Chileka. Ndiye pali ya chaka ndi chaka, ya chapter ndi ya ku likulu, kuonjezera madiresi, majekete, maulendo a ku misonkhano. Ma chapter ambiri a akuda alibe zinyumba zogonamo ngati za ku Alabama zija, ndiye mtengo wa nyumba palibe, komabe si za munthu wopanda kanthu m'thumba, ndipo atsikana ena abwinobwino amalephera pa chifukwa chimenechi.

Akamaliza sukulu zimathera pomwepo?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe magulu a akuda amasiyana kwambiri ndi enawo. Mphamvu zenizeni zili m'ma chapter a akuluakulu omwe amati graduate chapter, maina ake amathera ndi Omega. Muli maloya, madokotala, aphunzitsi opuma, amayi a zaka 80 oyenda ndi ndodo koma msonkhano saphonya. Ndi amenewa amayang'anira atsikana a pa sukulu, kusonkha ndalama, kupezera ana ntchito. Ukasamukira mzinda wachilendo umangofunsa chapter ili kuti, mawa lake uli ndi dokotala wa ana, saluni ndi tchalitchi. Wokwanitsa zaka 25 amatchedwa Silver Star, wa zaka 50 Golden Soror, wa zaka 75 Diamond Soror. Pa 15 Januwale chaka chilichonse amakumbukira tsiku loyambitsa.

Membala akamwalira amati wakhala Ivy Beyond the Wall, tsamba lomwe layanga kudutsa khoma. Ndinaona pa maliro a mayi wina yemwe tinkagwira naye ntchito, azimayi ovala zoyera okhaokha analowa mwakachetechete, anazungulira bokosi, aliyense n'kuika katsamba ka ivy, kenako anagwirana manja n'kuimba nyimbo yawo. Ndinakumbuka amayi a Mvano pa maliro a mayi anga, mmene anaimirira ndi yunifolomu yawo kuti uyu ndi wathu.

Ndi anthu ati odziwika omwe ndi a AKA?

Kamala Harris analowa mu 1986 pa Howard, mu chapter yoyamba ija ya Alpha. Atasankhidwa kuima ndi Biden mu 2020, anthu anayamba kutumiza ku kampeni ndalama yodabwitsa, madola 19 ndi masenti 8, kukumbukira 1908. Wolemba mabuku Toni Morrison, yemwe anapata mphoto ya Nobel mu 1993, analoweranso pa Howard. Akatswiri a masamu a ku NASA, Katherine Johnson, Dorothy Vaughan ndi Mary Jackson, onse atatu anali a AKA. Palinso umembala waulemu womwe amapatsa azimayi ochita zazikulu, monga Rosa Parks, Coretta Scott King, Maya Angelou ndi Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia. Onse omwe analowapo chiyambire ndi oposa 300,000, ma chapter oposa 1,000.

Ku Africa ziliko? Mmalawi angalowe?

Zeta Phi Beta ndi yomwe inayamba kufika, inatsegula chapter ku Monrovia, Liberia mu 1948, AKA inatsatira mumzinda womwewo mu 1958, ndipo pano ilinso ndi chapter ku Johannesburg. Ndi ma chapter a akuluakulu, ambiri mwa mamembala ake ndi omwe anaphunzira ku America. Mmalawi angalowe, malamulo safunsa pasipoti kapena mtundu, muli azungu ndi amwenye omwe. Chofunika ndi zomwe ndanena pa funso la kalowedwe. Ngati mwana wanu akubwera kudzaphunzira kuno ndipo akufuna, chaka choyamba alimbikire magiredi kaye.

Ndinagula T-shirt ya zilembozi pa kaunjika, ndingavale?

Kumudzi valani, palibe akugwireni, ndipo ndinaonapo bambo wina pa msika wa Limbe akugulitsa tomato atavala ya pinki yolembedwa AKA 1908 kutsogolo, ndinajambula n'kutumizira anamwino anzanga aja, anaseka mpaka misozi, wa Delta uja anati mwaona, zanu zimathera pa tomato. Koma mukamakwera ndege yobwera kuno isiyeni m'sutikesi. Kuno zilembo amavala mamembala okha, ndipo mukangotsika pa Dulles kapena Atlanta mayi wina adzakuthamangirani ndi chimwemwe, "soror!", n'kukufunsani kuti munalowera chapter iti, chaka chanji, nambala yanu pa line inali chani. Mlamu wanga zinamuchitikira mu shopu, anangoti ndinagula K1,500 ku Lilongwe, mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anamupempha mwaulemu kuti amugule malayawo pompo, anamupatsa madola 20.